Sewero silithera pa siteji: phunziro la Du Chisiza kwa ife okhala kunja

Chaka chilichonse 6 July ikamayandikira, gulu lathu la pa WhatsApp limayamba kuwira. Wina akufunsa za holo, wina za amene aphike nsima ndi chambo, wina za nyimbo. Pulogalamu ikatuluka imakhala yomwe ija ya chaka chatha: pemphero, nyimbo ya fuko, mawu a wapampando, chakudya, kenako kuvina mpaka mlonda wa holo atayamba kuzimitsa magetsi. Ulendo wapitawu mayi wina anafunsa kuti bwanji ana athu asachiteko kasewero ka m'Chichewa, ka mphindi khumi zokha, kuti agogo awo kumudzi akamve pa foni. Tonse tinavomera msangamsanga. Ntchito yopeza sewerolo inagwera ine.

Ndinkayesa kuti ndi nkhani ya madzulo amodzi. Ndinafufuza pa intaneti, ndinatuma mlamu wanga ku Blantyre kuti ayendere malo ogulitsa mabuku, ndinafunsanso mnzanga amene ankaphunzitsa Chichewa ku sekondale. Patatha sabata ziwiri, chimene ndinali nacho m'manja ndi timavidiyo ta Izeki ndi Jakobo ta pa YouTube, basi. Toseketsa kwabasi, koma panalibe pepala loti ndingapatse mwana wa zaka 11 kuti aloweze. Apa m'pamene ndinadzifunsa kuti, dziko limene lakhala likuseka ndi kulira ndi zisudzo zaka zonsezi, masewero ake anapita kuti?

Funsoli linandibwezera kwa munthu mmodzi amene anasenza yekha ntchito yonse ya sewero, kuyambira pa cholembera mpaka pa khomo la holo. Amene munakula m'ma 1990 mwamudziwa kale.

Dzina lolemera

Dunduzu Chisiza Junior anabadwa pa 26 March 1963, ndipo bambo ake sanawaone. A Dunduzu Kaluli Chisiza, mmodzi mwa akuluakulu omenyera ufulu wa dziko lathu, anafa pa ngozi ya galimoto pafupi ndi Zomba mu September 1962, mwanayo akadali m'mimba. Abale athu a ku Zimbabwe ndi a kuno ku Britain mwina sadziwa kuti bambowa anapondapo njira zathu zomwezi. Anagwirako ntchito ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, nathandiza kuyambitsa gulu la City Youth League mpaka boma la atsamunda linawathamangitsa mu 1956. Kenako anakaphunzira ku Fircroft College ku Birmingham. Mbale wawo, a Yatuta Chisiza, anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti kudzalimbana ndi boma la Kamuzu. Choncho m'masiku a chipani chimodzi, dzina lakuti Chisiza linali katundu wolemera kwa mnyamata wongoyamba moyo.

Du anayamba kudziwika ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre. Mu 1982 sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a m'dziko lonse, uja wa ATEM, umene ambiri a ife timaukumbukira ndi majekete obwereka ndi ndevu za thonje. Atatero anapita ku America, ku Philadelphia, kukaphunzira luso la zisudzo. Taonani apa abale: mnyamatayu anali kunja ngati ife, ndipo akanafuna akanatchona. Koma mu 1987 anabwerera kwawo n'kuyambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre.

Sikuti zisudzo kunalibe. Zinalipo m'masukulu, ku Chancellor College komwe gulu la Travelling Theatre linkayenda nazo m'matauni ndi m'midzi, pa wailesi ya MBC, ndiponso m'magulu a anthu amene ankaweruka kuntchito n'kukayeserera madzulo. Chachilendo cha Du chinali chakuti iye ankati zisudzo ndi ntchito, munthu azidyera momwemo ngati mmene kalipentala amadyera matabwa. N'chifukwa chake Wakhumbata imadziwika ngati gulu loyamba m'Malawi lochita zisudzo monga ntchito yolipidwa.

Kulankhula mophiphiritsa

Achinyamata obadwira kunja kuno sangamvetse msanga kuti kulemba sewero nthawi imeneyo kunali kuyenda pa minga. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe la boma lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo sewero lisanaonetsedwe kwa anthu linkayenera kupita kumeneko kuti akaliwerenge n'kupereka chilolezo. Akanatha kufufuta mizere ina kapena kulikana lonse. Olemba anaphunzira kulankhula ngati mmene amalankhulira akuluakulu pa bwalo la milandu: m'miyambi, m'nthano, mozungulira, kuti wakumva amve ndipo wounikayo asapeze pogwira.

Du anali katswiri pa zimenezi. Tangoganizani sewero lotchedwa Papa's Empire, kapena kuti ufumu wa ababa, likuonetsedwa m'dziko limene munthu mmodzi ankatengedwa ngati tate wa fuko lonse. Anthu sankafunika wowamasulira. Panalinso Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, ndi Democracy Boulevard limene linabwera mu 1993, chaka chimene Amalawi anavota pa 14 June kuti kukhale zipani zambiri. M'holo anthu ankaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wamva wina akunena mokweza chimene iye amangonong'ona kuchipinda.

Tisamuyeretse ngati mngelo ayi. Mu 1993 momwemo anadabwitsa otsatira ake pamene anavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, zamasewera ndi chikhalidwe m'boma lomaliza la Kamuzu, boma lomwe anthu ankaganiza kuti masewero ake akulidzudzula. Ena anakhumudwa, ena anamumvetsa, ndipo mpaka pano akuluakulu akakumana amatsutsanabe za nkhaniyi. Chisankho cha 1994 chitadutsa anabwerera pa siteji. Anamwalira pa 24 February 1999 ali ndi zaka 35 zokha, atalemba masewero oposa 20.

Ntchito zitatu pa mutu umodzi

Timati mutu umodzi susenza denga, koma mlembi wa masewero woima payekha amayamba walisenza ndithu, ena asanabwere kudzagwirako. Alibe kampani yomulipira pa mwezi, alibe holo yakeyake, alibe womusindikizira mabuku. Ali ndi nkhani m'mutu mwake basi.

Ntchito yoyamba ndi kulemba, ndipo imeneyi ndiyo yokhayo imene amaichita ali yekha. Sewero si nthano yoti mlembi azifotokoza kuti uje anakwiya, uje anachita manyazi. Zonse ziyenera kutuluka m'kamwa ndi m'zochita za atengambali. Mlembi akamaliza, zolembazo zimakhala zisanapse. Zimapsa pa kuyeserera, pamene wochita sewero wapunthwa pa mzere wina katatu konse ndipo mlembi wazindikira kuti vuto si lilime la munthuyo koma mzerewo.

Yachiwiri ndi kulionetsa. Apa mlembi amasanduka kapitawo. Apeze anthu, apeze poyeserera, asungitse holo, apeze zovala, akonze galimoto. Amene munakhalako ku Blantyre mukukumbukira French Cultural Centre Lamulungu masana, anthu atachoka kutchalitchi ali pa mzere wa matikiti. Sewero likatha kumeneko linkafunika kupita ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mzuzu, chifukwa anthu a mzinda umodzi sangaonere sewero lomwelomwelo sabata iliyonse. Ndalama ya pakhomo ndiyo inkalipira zonse: holo, mafuta, chakudya, zolengeza, ndipo chotsalacho n'chimene ankagawana ochita sewero. Mvula ikagwa kapena kukakhala mpira waukulu tsiku lomwelo, ndiye kuti mwabwerera ndi ngongole.

Yachitatu ndi kulengeza. Kunalibe Facebook. Kunali mapepala omata pa mitengo ndi pa makoma, kulengeza pa wailesi, nkhani m'nyuzipepala, ndi pakamwa pa anthu. Du ankadziwa kuti dzina la sewero ndilo kulengeza koyamba. Mayina ake ankachititsa munthu kuima pa mtengo paja n'kuwerenga kawiri. Ankadziwanso kuti gulu likamabwera ndi sewero latsopano kawirikawiri, anthu amazolowera kuliyembekezera ngati mmene amayembekezera malipiro a pa mwezi.

Pali ntchito yachinayi imene ambiri amaisiya chifukwa pofika pamenepo mphamvu zatha ndipo ndalama zatha. Ndiyo kusindikiza. Ndipo m'pamene pagona vuto langa la 6 July lija.

Cholembedwa chimatsala

Sewero la pa siteji limafa usiku womwewo. Magetsi akazima, chotsala ndi chimene anthu akumbukira, ndipo anthu amaiwala, amasamuka, amamwalira. Du anamwalira wailesi ya kanema ya dziko lathu isanayambe n'komwe kuulutsa. Inayamba m'chaka chomwecho cha 1999, iye atapita kale. Ena mwa masewero ake anasindikizidwa m'mabuku cha kumapeto kwa moyo wake, monga Barefoot in the Heart, Democracy Boulevard ndi De Summer Blow, ndipo amenewo ophunzira akhoza kuwawerenga. Koma yesani lero kufunafuna onse aja oposa 20, muone kuti mupeza angati.

Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Du atamwalira ndipo kenako anayambitsa gulu lake la Wanna-Do, analemba masewero amene ankadzaza maholo, monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial. Anamwalira mu 2006. Mtsikana wa ku Manchester kapena ku Cape Town amene akufuna kudziwa kuti mayi wa ku Malawi ankalemba bwanji za nkhanza za m'banja, akawerenga kuti?

Ku mbali ya Chichewa nkhani yake ndi yowawa kwambiri. Masewero a Du ambiri anali a m'Chingerezi. Amene ankafuna kuseka m'chinenero chawo ankapita ku Kwathu Drama Group, kwa John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja. Luso lawo lalikulu linali pakamwa, pa kuyankhana mwachangu, pa Chichewa cha mumsewu ndi cha pa maliro. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Mavidiyo ena alipo, tithokoze, koma vidiyo ndi yoonera chabe. Pepala ndi limene limalola gulu lina, m'dziko lina, patapita zaka 30, kutenga sewero lomwelo n'kulipatsanso moyo.

Chifukwa chake masewero sasindikizidwa kawirikawiri n'chosavuta kumva. Msika waukulu wa mabuku kwathu ndi wa sukulu. Buku limene lasankhidwa kuti ana alembere mayeso limagulidwa, koma buku la masewero limene silili pa silabasi limangochita fumbi. Wosindikiza ndi wamalonda, sangaike ndalama pomwe sizibwerera. Pulofesa Steve Chimombo a ku Chancellor College anaona zimenezi ndipo sanadikire. Iwo analemba The Rainmaker, sewero la nkhani ya Mbona limene linatuluka m'buku mu 1978, komanso la m'Chichewa lotchedwa Wachiona Ndani? Pambuyo pake anayambitsa WASI ku Zomba, namasindikiza okha magazini ya zaluso ndi mabuku awo. Anamwalira mu 2015, koma zolemba zawo zili m'malaibulale. N'chimodzimodzi buku la Nine Malawian Plays limene James Gibbs anasonkhanitsa mu 1976: masewero asanu ndi anayi amenewo alipo lero chifukwa wina anavutikira kuwaika pa pepala.

Siteji yopanda holo

Tsono ife kunja kuno titani, popeza holo ndi yodula, ochita sewero ali m'mizinda yosiyana, ndipo wina aliyense ali ndi mashifiti ake? Yankho tinakula nalo, timangoliiwala. Ndi wailesi.

Kumbukirani mmene nyumba inkakhalira zii nthawi ya Kapalepale, ya Pamajiga kapena ya Sewero la Sabata Ino. Mabatire akafooka ankaikidwa padzuwa kuti afike madzulo. Pambuyo pake kunabwera Tikuferanji, kumene Michael Usi anatchukira ndi dzina la Manganya, ndi Zimachitika la bungwe la Story Workshop. Panalibe chooneka ndi maso, komabe aliyense ankadziwa nkhope za anthu aja, nyumba zawo ngakhale mayendedwe awo. Tinkazijambula tokha m'mutu.

Sewero lomvera lili ndi malamulo ake. Womvera alibe maso, choncho chilichonse chidutse m'khutu. Pa siteji mayi akalowa ndi sutikesi, aliyense waona. Pa sewero lomvera muyenera kuchita motere:

PHOKOSO: Chitseko chikutsekuka. Matayala a sutikesi akukhukhuluzika pa simenti.
AMAYI: Ndani ameneyo usiku uno? Nabanda? Ndiwe, mwana wanga?
NABANDA: Ndine, amayi. Basi inachedwa pa Mwanza.
AMAYI: Zaka zonse zija ku Joni, sutikesi imodzi yokhayi?

M'mizere inayi yokha womvera wadziwa kuti ndi usiku, akulankhula ndi mayi ndi mwana wake, mwanayo akuchokera ku South Africa, ndipo pali nkhani imene ivute m'nyumbamo. Palibe wofotokoza amene walowererapo.

Atengambali akhale ochepa, atatu kapena anayi pa chigawo chimodzi, ndipo mawu awo asafanane. Mukaika atsikana awiri a mawu ofanana, womvera asokonezeka n'kusiya. Azitchulana mayina pafupipafupi, makamaka poyamba. Munthu amene wakhala chete nthawi yaitali, kwa womvera ndiye kuti watuluka, choncho muzimupatsa kakhosomo kapena kamawu. Zigawo zikhale zazifupi. Tsamba limodzi lotayipa limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye masamba khumi akukwanirani kuyamba. Ndipo musanajambule, werengani mokweza. Chichewa cholemba ndi cholankhula zimasiyana. Palibe mayi amene amakalipira mwana wake m'chinenero cha m'nyuzipepala.

Za zipangizo musade nazo nkhawa. Foni yanuyo ili ndi maikolofoni yokwanira. Mdani wamkulu ndi chipinda cha makoma opanda kanthu chimene chimabweza mawu, ndiye jambulirani m'chipinda chogona, makatani otseka, mabulangete atapachikidwa, firiji ndi makina ochapira zili kutali. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Audacity ndi yaulere ndipo imatha kudula, kulumikiza ndi kuonjezera phokoso la chitseko kapena la nkhuku. Ubwino wina ndi wakuti ochita sewero safunika kukhala malo amodzi. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, ndipo Britain imatsalira ndi ola limodzi nyengo yotentha, maola awiri nyengo yozizira. Mukhoza kuyeserera limodzi pa foni, aliyense n'kujambula mbali yake kwawo, wina n'kuzisoka pamodzi. Agogo enieni a ku Dedza akhoza kukhala agogo a m'sewero.

Mukamaliza, kumbukirani amene akukalandira. Bandulo kumudzi ndi yodula. Mawu okha a mphindi khumi ndi opepuka kwambiri kuyerekeza ndi vidiyo ya utali womwewo, amadutsa pa WhatsApp mosavuta, ndipo munthu amamvera uku akuphika kapena ali m'minibasi. Ifenso kuno timamvera pobwera ku shifiti ya usiku. Chenjezo limodzi: musatenge nyimbo ya woimba wina n'kuiika m'sewero lanu popanda chilolezo. Ili ndi mwini wake, ndipo kwathu kuli bungwe la COSOMA loteteza zimenezi. Pemphani, kapena imbani yanu. Ngati mukujambula ana a eni, makolo awo avomereze kaye musanatumize kulikonse.

Kuliika m'buku

Chimene a Chimombo ankachivutikira ndi makina osindikizira, lero munthu akhoza kuchichita ali pa tebulo la kukhitchini. Kuli makampani amene amasindikiza buku pokhapokha wina akaliitanitsa, ngakhale limodzi lokha, kotero simufunikanso kusunga makatoni a mabuku pansi pa bedi. Buku loti ligulitsidwe m'masitolo ndi kulowa m'malaibulale limafuna nambala ya ISBN. Ku Britain imachokera ku Nielsen, ku America ku Bowker, ndipo kwathu ku Malawi imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Ngakhale mutasindikizira kunja, tumizani buku limodzi ku Zomba kumeneko ndi lina ku laibulale ya yunivesite. M'menemo ndi mmene mdzukulu wa munthu wina adzalipezere.

Umwini wa zimene mwalemba umayamba pomwe mwazilemba, simuchita kugula. Komabe lembani patsamba loyamba dzina lanu, chaka, ndi mawu ofotokoza zimene ena angachite ndi sewerolo. Mwachitsanzo mukhoza kunena kuti masukulu ndi mipingo achite mwaulere bola atchule mlembi, koma amene akulipiritsa pakhomo ayambe apempha. Mawu ochepa amenewa amateteza ubale, chifukwa mikangano yambiri ya azisudzo imayamba pamene wina waona sewero lake likuchitidwa ndi dzina la munthu wina.

Ndipo chonde pezani munthu wodziwa kalembedwe ka Chichewa akuwerengereni. Ambiri a ife tinasiya kulemba Chichewa pa mayeso a Fomu 4, ndipo cha pa WhatsApp chija ndi chodula miyendo. Mphunzitsi wopuma ntchito kumudzi akhoza kukukonzerani, inu n'kumuthokoza ndi kenakake. Ndalama imeneyo ndi yogwira ntchito kuposa ya chikuto chonyezimira.

Kuliuza dziko

Kulengeza ndi kumene ambiri timachita nako manyazi. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, ndiye munthu amalemba sewero labwino n'kuliika pa intaneti mwakachetechete ngati akubisa. Du akanachita manyazi otero, Wakhumbata ikanathera pa sewero loyamba. Kuuza anthu kuti mwaphika si kudzitama.

Pitani kumene anthu athu ali kale. Pemphani mphindi khumi pa 6 July, pa chikondwerero cha amayi kumpingo, pa msonkhano wa bungwe la Amalawi la m'dera lanu. Dulani kachidutswa ka mphindi imodzi, pamene pafika pokoma, n'kukatumiza m'magulu, ndipo kathere pomwe munthu afune kudziwa chotsatira. Ngati ndi sewero la zigawo, sankhani tsiku limodzi pa sabata ndipo musaliphonye, monga mmene wailesi inkachitira. Anthu amabwerera kumene akudziwa kuti apeza kanthu.

Pa nkhani ya ndalama tiuzane zoona. Sewero la m'Chichewa silikulipirirani lendi ku London kapena ku Johannesburg. Likabweza ya holo ndi ya mafuta, thokozani. Chofunika n'chakuti mugwirizane ndi anzanu musanayambe: kodi tikuchita mongodzipereka, kapena tigawana chotsala, ndipo tigawana bwanji? Zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pa foni. Kwa ife oonera, thandizo lenileni ndi kugula tikiti. Chizolowezi chija choti mlembi ndi mlamu wanga ndiye ndilowa ulere, pamodzi ndi ana anayi ndi mlendo, n'chimene chimagwetsa magulu. Timalipira bwinobwino kukaonera mafilimu a eni ake. Wathu yekha ndiye tizimupempha ulere?

Nkhani zathu zikudikira

Chimene Du anachita bwino koposa n'chakuti analemba za nthawi yake, zimene anthu ankaopa kunena. Ifenso tili nazo zathu zimene timangonong'onezana. Nyumba imene munthu wakhala akutumizira ndalama zaka zisanu, n'kukapeza ndi maziko okha. Mwana amene agogo ake akamulankhula pa foni amangoyang'ana mayi ake kuti amumasulire. Bambo amene kwathu anali bwana mu ofesi, kuno akusambitsa okalamba usiku, ndipo kumudzi sanauze aliyense. Zopereka zotumizira maliro kwathu, ndi mikangano imene imabuka pa ndalamazo. Banja limene mmodzi ali ndi mapepala, wina alibe. Wolemba wa ku Lilongwe sangazilembe bwino zimenezi chifukwa sanazikhale, ndipo wolemba wa kuno sazidziwa n'komwe. Tikapanda kulemba ife, palibe adzalembe.

Za 6 July zija, mapeto ake ndinalemba ndekha, usiku utatu, masamba asanu ndi atatu. Ndi nkhani ya mtsikana amene watumidwa kukapereka moni kwa alendo ochokera kumudzi ndipo mawu onse aulemu amusokonekera. Ana anayeserera Loweruka katatu m'chipinda chathu chochezera. Tsikulo mnyamata wina anaiwala mzere wake n'kuupeka wina m'Chingerezi, holo yonse inafa nacho chiseko, ndipo ine ndinatuluka thukuta ngati ndikulima. Sabata yotsatira tinajambula mawu okha n'kutumiza kumudzi.

Yankho linabwera m'mawa mwake kuchokera kwa amayi anga, uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Anayamba ndi kuseka, kenako anandidzudzula kuti pa tsamba lina ndinalemba mwana akunena kuti iwe kwa munthu wamkulu pomwe sipanayenere, ndipo anafunsa kuti ndinaleredwa ndi yani. Pomaliza anapempha kuti mdzukulu wawo awaimbire, akufuna amve yekha akunenanso mawu aja. Anacheza pa foni nthawi yaitali kuposa kale lonse, Chichewa chothyokathyoka uku, kuseka uko.

Ndakonza mzere uja. Ndasindikiza makope atatu, ndalemba dzina ndi chaka, limodzi ndatumiza kwa mnzanga mphunzitsi uja kuti ana ake a sukulu aliyese. Ndipo pempho langa kwa inu ndi ili: ngati m'sutikesi yanu yakale muli kaseti ya sewero la pa wailesi, pulogalamu ya Wakhumbata kapena ya Kwathu, kapena kope la sewero limene munachita ku sekondale, musalitaye posamuka. Lijambuleni ndi foni tsamba ndi tsamba, musunge, ndipo mutiuze kuno ku magazini yathu. Gulu lina la makolo likufunafuna sewero la chaka chamawa.